Mango a M'masokosi

A Laurie Vella, bambo ake a Bridie, sanali munthu wa mawu ambiri. M'mawa wa tsiku limene mwana wawo ankanyamuka ku Bowen, anatsamiritsa makwerero pamtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba n'kuthyola zipatso zotsiriza. Anasankha zokhwima koma zosapsa, kuti zizikapsera m'njira. Atatsika anakakhala pakhonde ndi mulu wa masokosi awo akale a kuntchito, n'kuyamba kulowetsa bango lililonse m'sokosi yakeyake kuti lisakatekedzeke.

"Ababa, koma masokosiwo ngochapa?" anafunsa Bridie.

"Ena," anayankha bambowo osadzutsa mutu.

Analongedza mangowo m'katoni, katoniyo n'kuimangirira okha kumbuyo kwa njinga yamoto ya Bridie, pamwamba pa chikwama cha zovala. Anakoka zingwe, kuzigwedeza, kuzikokanso. Kenaka anagwada n'kuyang'ana tcheni, chonsecho anali ataithira mafuta dzulo lake lomwelo.

"Ukampatse mkulu wako."

"Ndikati chiyani?"

"Ukangompatsa."

Bridie anadziwa kuti m'katonimo munali zonse zimene bambo ake akanatha kunena. Simone, mkulu wake, anachoka pakhomopo mayi awo atangomwalira. Maliro atatha, bambo anasonkhanitsa zovala za mayi n'kukazipereka kutchalitchi osafunsa munthu. Simone anakalipa, ananena mawu amene mwana sauza bambo ake, bambonso anayankha kuti ngati akupita apite ndithu. Anapitadi, mpaka ku Adelaide, kumapeto ena a dziko. Zaka zinadutsa, foni yokha osaimbirana. Bridie ndiye ankakhala pakati. Simone akafuna kudziwa ngati chifuwa cha bambo chatha, ankafunsa iye. Bambo akafuna kudziwa ngati mwana wawo ali bwino kumene kuja, sankafunsa ayi, ankangozungulirazungulira pafupi ndi Bridie mpaka Bridie anene yekha.

Tsopano nyumba inali itagulitsidwa. Bambo ankasamukira m'kanyumba kakang'ono kufupi ndi doko, ndipo ogulawo ananeneratu kuti chaka chikangotembenuka mtengo wa mango ugwetsedwa, pamangidwe garaja. Mtengowo anaudzala mayi, Simone ali kumsana.

Bridie nayenso ankachoka. Anali atapeza malo ophunzirira kuwotcherera zitsulo kumene amakhoma sitima zapamadzi ku Adelaide, ndipo azikakhala kwa Simone. Aliyense anamuuza kuti akwere ndege, njingayo aitumize pa lole. Iye ankangovomera ndi mutu, monga ankachitira nthawi zonse anthu akamamulankhula, kenaka n'kuchita zake. Kunena zoona, sikuti anali wolimba mtima. Kungoti pa njinga, mutu uli m'chisoti, palibe amene amadikira kuti uyankhe.

Ulendo unayenda bwino. Minda ya nzimbe inatha, kunayamba tchire louma, kenaka dothi lofiira losaoneka polekezera. Ankanyamuka dzuwa litatuluka n'kuima lisanapendeke kwambiri, chifukwa bambo anamulumbiritsa kuti asayende nthawi imene nyama zodumpha za akangaru zimatulukira kumsewu. Malole aatali okoka ngolo zingapo akamabwera kutsogolo kwake, ankaweramira pathanki, mawondo atapanikiza njinga, mpaka chimphepo chawo chidutse. Anzake a njinga akakumana naye ankawerama mutu pang'ono, iyenso n'kuwerama. Moni ameneyu ndi amene ankamukonda kuposa moni wina aliyense: alibe mawu, ndipo amatha munthu usanayambe n'komwe kuchita manyazi.

Madzulo alionse ankamasula katoni n'kulowa nayo m'chipinda chimene wagona, n'kumapapasa masokosi aja imodziimodzi. Mango ankafewa pang'onopang'ono. Pofika ku Bourke fungo lawo linali litalowerera m'zovala zake, m'magolovesi, m'chisoti momwe. Linali fungo la pakhonde lakwawo mu Disembala, ndipo silinkamusowetsa mtendere ayi.

Anagona ku Broken Hill, n'kudzuka akudziwa kuti usiku wotsatira akagona kwa Simone. Atangoyenda pang'ono, dzuwa lisanalimbe, anaona chikwangwani chachikulu m'mbali mwa msewu, chojambulidwa ntchentche ndi zipatso. Chinali kuchenjeza apaulendo kuti asalowe ndi zipatso m'chigawo cha South Australia, kuopa ntchentche zoononga zipatso. Adye, kapena ataye m'bini kutsogoloko, chifukwa patsogolo pake pali posechera.

Bridie anachepetsa liwiro. Zimenezi anaziphunzirapo kusukulu, sikuti zinali zachilendo. Koma kwawo mwezi uno mango ali ngati mpweya. Munthu sapita kwa mnzake chimanjamanja, amatenga mango, ndipo palibe amawawerengera ngati katundu. Bambo ake sanatulukepo m'chigawo chawo cha Queensland chibadwire. Iye mwini masiku onsewa ankaganiza za matayala, za petulo, za akangaru. Za ntchentche ayi.

Bini ija anaipeza pamalo opumira apaulendo. Chinali chitsulo chachikasu chokhala ndi kachitseko, pambali pake tebulo lasimenti ndi kadenga, pansi miyala yokhayokha. Panalibe munthu. Anaimika njinga m'mphepete mwa msewu, anavula chisoti n'kuchiika pansi kuseri kwa tayala lakumbuyo, poti m'pamene panali kamthunzi. Anamasula katoni n'kukakhala nayo patebulo.

Anasolola bango limodzi m'sokosi yabuluu yosokedwa kuchidendene ndi ulusi wofiira. Linali litapsa bwino, tsaya limodzi lofiira ngati lochita kupaka. Analinunkhiza. Anaganiza zoimbira bambo, koma foni sinkagwira kumeneko, ndipo ngakhale ikanagwira, akanati chiyani? Akanangomva kuti, "Palibe kanthu, taya," basi, ndipo bambowo sakanadzayesanso kutumiza kanthu kwa Simone. Bridie ankawadziwa bambo ake. Munthu amene uja amatambasula dzanja kamodzi.

Anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anatsegula zipi ya jekete, n'kulowetsa mango awiri m'kati, lina kunthiti iyi lina kunthiti inayo, n'kutsekanso. Anapita kukadziyang'ana pagalasi la njinga. Ankaoneka ngati wameza mipira. Anayesa kupinda mikono pachifuwa, zinangoipiraipira. Ndipo fungo lokhalo likanamuulula kwa munthu wa chimfine.

Ali chiimire choncho anamva kulira kwa njinga zikuluzikulu. Zinali ziwiri, zochokera kumene iye anachokera. Zinadutsa, kenaka kulira kuja kunatsika, ndipo anaziona zikutembenuka pakati pa msewu n'kubwerera. Analakalaka miyala ija itatseguka.

Woyamba kutsika anali mayi wamfupi, wojintcha, wa tsitsi la imvi lolukidwa chingwe chimodzi kumbuyo. Wachiwiri anali bambo wamtali wa ndevu zofika pachifuwa, amene anatsika pa njinga akubuula ngati chitseko cha dzimbiri.

"Chavuta n'chiyani, mwanawe?" anafunsa mayiwo akuvula magolovesi. "Tayala? Petulo? Kapena wadwala?"

Bridie anapukusa mutu.

"Nanga chisoti chikutani pansi kuseri kwa njinga?"

Bridie anayang'ana chisoti, anayang'ana mayiwo. "Mthunzi," anatero, mawu osamveka bwino.

Bambo wa ndevu uja anaseka mpaka kutsokomola. "Mwamva, a Noelene? Mthunzi! Ine kutembenuza chinjinga chonsechi, bondo likulira, chikhalirecho chisoti chikupuma pamthunzi!"

"Tatontholani inu a Merv, bondo lanulo linayamba kulira tisanakwatirane." Mayiwo anatembenukira kwa Bridie. "Tamvera, mwanawe. Kwa ife a njinga, chisoti chikakhala pansi kuseri kwa tayala, ndiye kuti mwini wake akupempha thandizo. Woona sadutsa. Amene anakuphunzitsa sanakuuze?"

"Anandiphunzitsa ababa. M'minda ya nzimbe."

"Ndiye basi, nzimbe sizikanakuuza." A Noelene anawerama n'kuyang'ana nambala ya njinga, ndi kachikwangwani ka woyamba kumene kuyendetsa kali pambali pake. "Queensland! Wachokera kumtunda konse kuja wekhawekha, pa kanjinga aka?"

"Eya."

"Mwamva, madala inu? Inu kungofika ku Broken Hill, mapiritsi a msana m'thumba monse."

A Merv anali akununkhiza m'mwamba, ndevu zikugwedezeka. "Koma pano pakununkhira mango, kapena ndafa kale ndili kumwamba?"

A Noelene anayang'ana katoni patebulo. Anayang'ana bini. Kenaka anayang'ana jekete la Bridie, nthawi yaitali ndithu.

"Ndiye kuti chisoti chija sichinaname," anatero. "Tiye tikhale pansi."

Bridie sankafuna kufotokoza. Koma mayiwo anangokhala phee moyang'anizana naye, osamufulumizitsa, ndipo nkhaniyo inayamba kutuluka yokha, m'zidutswazidutswa, maso ake ali patebulo. Ananena za mtengo, za mayi, za zovala zija, za Simone, za bambo atagwada akukoka zingwe. Masiku onse a ulendowu anali asanalankhulepo mawu ochuluka chonchi, moti kukhosi kunauma. A Merv anamusunthira botolo la madzi.

"Chabwino," anatero a Noelene. "Choyamba, tulutsa ali m'jeketewo, angakupsere panthiti."

Nkhope ya Bridie inatentha mpaka kumakutu. Anatsegula zipi n'kuwaika patebulo.

"Usachite manyazi. Awa anayesapo kudutsa ndi tomato m'jombo."

"Anali a m'dimba la malemu amayi anga!" anatero a Merv.

"Ndipo anaiwala, n'kuvala jomboyo."

A Noelene anatulutsa kampeni kopinda. Anatenga bango limodzi mwa awiri aja, kulitembenuzatembenuza padzuwa, n'kuloza kadontho kakuda pakhungu, kakang'ono ngati pobaya singano. Anacheka pomwepo. M'kati, pafupi ndi njere, munali timphutsi toyera tikudzipindapinda.

"Ndiwo zaulere," anatero a Merv.

Bridie ankatidziwa timphutsiti. Kwawo munthu amangodula mbali yoolayo, kutayira nkhuku, n'kudya yotsalayo.

"Kwanu mudazolowerana nato," anatero a Noelene, mawu ali pansi. "Kuno ayi. Mng'ono wanga ali ndi munda wa mapichesi kumtsinje uko. Chaka china kantchentche aka kanapezeka pafupi ndi kwawo. Zipatso zimene anayembekezera chaka chathunthu sanathe kugulitsa monga mwa masiku onse. Ndinamuona munthu wamkulu akulira pathirakitala. Sindikukukalipira, mwanawe. Ndikungokuuza chimene bini iyi yaimira."

Bridie anavomera ndi mutu. Anabwezera mango aja m'katoni, kuinyamula, n'kuyenda kupita kubini. Inkalemera kuposa m'mawa. Anagwira kachitseko, chitsulo chitatentha kale ndi dzuwa, n'kuima pomwepo. Sanafune kuti anthuwo aone maso ake, choncho anayang'ana kumbali, kumene kunali njinga ya a Merv. Pamwamba pa katundu wawo panali patamangiriridwa kapoto kakuda ndi mwaye, kophikira tiyi panjira.

Anakumbukira mayi ake. Mwezi ngati uno mango akachuluka mpaka kumagwera padenga, mayi ankaima kukhitchini thukuta lili kamukamu, akutakasa mphika, Simone akutsuka mabotolo, iye wamng'ono akunyambita chipande.

Kufunsa munthu wachilendo kanthu chinali chinthu chovuta kwambiri pa moyo wa Bridie. Kusukulu ankalolera kusochera kusiyana n'kufunsa njira. Anayesa, mawu sanatuluke. Anayesanso.

"Amayi... nanga ophika?"

"Wati?"

"Mango ophika. Ngati jamu. Amalanda?"

A Noelene anatsegula pakamwa, anatsekanso, kenaka anamenya tebulo ndi chikhatho. "Ophika salanda! Kuphika kumapha zonse. Koma ine mutu wangawu!"

Bridie anatembenukira kwa a Merv. Apa ndiye panali povuta penipeni. "Bambo, mungandibwerekeko... kapoto kanu?"

"Kapoto kanga ka tiyi?" A Merv anagwira pamtima. "Mwanawe, kapoto aka sindibwereka ngakhale mkazi wanga."

"Chifukwa sindingakakhudze, sikanatsukidwepo," anatero a Noelene. "Tamasulani, madala inu, dzuwa likukwera."

Anamasula akung'ung'udza, koma anatulutsanso kachitofu ka gasi, supuni, ndi mbale yachitsulo. A Noelene ananena kuti anamva pawailesi m'mawa kuti lero boma silinaletse kuyatsa moto panja, komabe anawauza aike kachitofuko pamiyala, kutali ndi udzu, botolo la madzi lili pambali. Anatsuka kapoto katatu konse, a Merv akudandaula kuti akuchotsa kukoma kwa zaka zambiri.

Bridie anapempha kampeni kaja. Manja ake ankadziwa ntchitoyi kuposa pakamwa pake. Ankacheka tsaya ili, tsaya ilo, kukokota ndi supuni, n'kufinya zotsalira panjere. Lililonse ankaliyang'anitsitsa. Obayidwa ndi ntchentche ankawaponya m'bini athunthu. Abwino kwambiri ankapita m'kapoto. Kapotoko kanali kakang'ono, sikakanatha onse, choncho otsala anagawana. A Merv anadya ataweramira kutsogolo, miyendo atatangadza, madzi achikasu akutsikira m'ndevu.

"Awa si mango a m'sitolo," anatero atatseka maso. "Awa ali ndi kafungo ka utomoni kumapeto. Bambo ako akufuna mwana wina? Ndine wamasiye."

"Pakufunika shuga," anatero Bridie, ndipo anadabwa kumva mawu ake akutuluka osakakamiza.

A Noelene anapisa m'thumba la jekete n'kukhuthulira patebulo timapaketi ta shuga tambirimbiri, ta mitundu yosiyanasiyana, totola m'malo odyera a m'njira.

"Mkazi wanga ndi mbava ya shuga yodziwika m'zigawo zonse za dziko lino," anatero a Merv. "Akamalowa, eni malo amabisa mbale."

"Lero si uyu wagwira ntchito? Ng'ambani, musamangolongolola."

Kapoto kanayamba kubwata. Bridie anakhala chonjuta n'kumatakasa pang'onopang'ono kuti zisapserere. Mphepo yotentha inkadutsa m'zitsamba. Patali, mbalame za emu zinkayenda mondondozana, osasamala za munthu. Lole ina inadutsa, woyendetsa n'kuliza hutala. Mango anasungunuka, anada pang'ono, n'kuyamba kulemera pasupuni. Fungo linadzaza pansi pa kadenga kaja.

"Nanga tithira muti?" anafunsa a Noelene.

Onse awiri anayang'ana a Merv. A Merv anayang'ana kumwamba. Kenaka anapita kunjinga yawo n'kubwera ndi botolo la khofi, lagalasi, la chivindikiro chopota.

"Poto mwatenga, gasi mwatenga, tsopano khofi. Ndiye khofi wangayu ndimuika muti?"

Bridie anatola sokosi imodzi pamulu uja n'kuwapatsa.

A Merv anaigwira ndi zala ziwiri. "Njochapa imeneyi?"

"Ababa anati ena ngochapa."

A Noelene anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo Bridie anapezeka akuseka nawo, dzanja lili pakamwa. A Merv anainunkhiza sokosiyo, anaganiza, n'kukhuthuliramo khofi wawo, kumanga pakamwa pake.

Botolo analitsuka ndi madzi otentha, Bridie n'kuthiramo jamu uja mosamala mpaka kukhosi. Anadikira kuti azizireko. Pamene ankadikira anatolera makoko ndi njere zonse, nang'amba katoni, n'kuponya zonse m'bini. Inatsala njere imodzi, yaikulu, ya bango la tsaya lofiira lija. Anali ataiyamwa mpaka kuyera, ulusi wake uli njo. Anaigwira m'dzanja. Kuseri kwa nyumba ya Simone mwina kunali kadothi. A Noelene anali atayang'ana kwina, akupinda kampeni kawo, ndipo Bridie anadziwa kuti akuchita dala.

Anakankha kachitseko. Njere inagwera m'kati, inamveka kuti gu, basi.

Botolo analiveka masokosi, imodzi pamwamba pa inzake, yabuluu ija kunja, n'kulilowetsa pakati pa zovala m'chikwama. Anatola chisoti pansi, kuchikuntha fumbi.

"Tsogola iwe," anatero a Noelene. "Ukatsalira, awa aiwala kuti kanjinga kako n'kakang'ono."

Anayenda mondondozana, Bridie patsogolo, njinga zikuluzikulu zija zikumveka kumbuyo kwake. Pofika posechera paja anapeza mayi wovala chipewa chachikulu, atakweza dzanja. Bridie anaima, anakweza galasi la chisoti.

"Muli ndi zipatso? Ndiwo zamasamba?"

"Ndili ndi mango," anatero Bridie. "Ophika."

"Ndionetseni."

Anatsika, anamasula chikwama, n'kuvula botolo lija masokosi ake onse, mayiwo akuyang'ana osaphethira. Analitenga botolo, kulipendeketsa, kuliyang'ana padzuwa. Chifukwa cha fungo anapisanso m'chikwama monse ndi m'matumba a jekete. Sanapeze kanthu.

"Likadali lofunda. Mwaphikira panjira?"

"Eya. Aawisi ndataya m'bini kuja."

"Mwachita bwino, chemwali. Masokosiwo sindifunsa." Anamubwezera botolo. "Yendani bwino."

Pamphambano ina, dzuwa litapendeka, a Noelene anamupitirira n'kumukodola kuti aime. Iwo ankakhotera kumtsinje, kwa mng'ono wawo uja. Sanazimitse injini.

"Lamulungu lililonse m'mawa timakumana kumapiri a kuseri kwa Adelaide, pa bekale ya ku Lobethal," anakuwa mayiwo. "Ukaona njinga zambiri panja, ndi pomwepo. Ubwere. Sufunika kulankhula, awa amalankhulira tonse."

"Ubwere ndi botolo langa!" anakuwa a Merv.

Bridie anawerama mutu pang'ono. Iwonso anawerama, n'kukhota.

Anafika ku Adelaide kukadali kowala. Simone anali ataima pageti wopanda nsapato, atanenepako, tsitsi atadula. Anamukumbatira Bridie asanatsike n'komwe pa njinga, kenaka anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Iwe, ukununkha kwathu."

Kukhitchini Simone anatereka madzi a tiyi, akufunsa za msewu, za kutentha, ngati wakhala akudya. Za bambo sanafunse. Bridie anatsegula chikwama, anatulutsa chimpukutu cha masokosi chija n'kuchiika pakati pa tebulo.

"Ababa ati ndikupatseni, achemwali."

Nkhope ya Simone inauma. "Ati chiyani?"

"Angoti ndikupatseni."

"Ndi mmene alili." Anapinda mikono. "N'chiyani chimenechi?"

"Anali mango. Otsiriza. Mtengo uja audula chaka chikatembenuka, ogula nyumba akufuna pomanga garaja. Ababa anathyola okha, lililonse analiika m'sokosi yake. Koma pamalire salola aawisi, ndiye ndaphika panjira." Anapuma. "Sindinathe kubweretsa njere."

Simone anayang'anitsitsa chimpukutu chija. Ketulo inayamba kulira, iye osaizimitsa, mpaka Bridie anadzuka kukazimitsa yekha. Pobwerera anapeza mkulu wake atakhala pansi, akusisita ndi chala ulusi wofiira wa kuchidendene kwa sokosi yabuluu.

"Iyi anasoka amayi," anatero Simone. "Wabuluu unawathera. Ndinawaseka tsiku limenelo."

Anavula botolo lija masokosi imodziimodzi, n'kumawayala patebulo. Anapotokola chivindikiro. Anatenga supuni ya tiyi, anatapa pang'ono, n'kuika m'kamwa. Anakhala nthawi osameza.

"Muli khofi."

"Botolo linali la khofi."

Anatapanso, supuni yodzaza. Kenaka ina. Bridie anayang'ana pawindo.

"Nambala ya ababa ikadali yomwe ija?" anafunsa Simone.

"Sanasinthe."

Bridie anadzuka mwakachetechete n'kutuluka panja, ati kukamasula katundu wotsala. Injini inali ikuzizira, ikulira tiki, tiki. Anagwada n'kuyamba kuyang'ana tcheni, ngakhale panalibe chovuta. Windo la kukhitchini linali lotsegula. Anamva foni ikuitana, ikuitana, kenaka mawu a Simone, okwera pang'ono kuposa masiku onse.

"Ababa? Ndine Simone... Ayi, palibe chaopsa, wafika bwino, ali panjapa... Eya, ndalandira." Panadutsa kanthawi. "Koma ababa, zoona? Mango m'masokosi? Munasowa nyuzipepala m'tauni monsemo?"

Zimene bambo anayankha Bridie sanazimve. Anangomva Simone akuseka, kuseka kotsekeka m'mphuno kwa munthu amene akuliranso, kenaka mpando ukukokedwa, ngati munthu akukhazikika kuti acheze.

Bridie anatenga chisoti pampando wa njinga kuti amasule zingwe. Anawerama kuti achiike pansi kuseri kwa tayala, pamthunzi. Anaima. Anaweramuka n'kuchikoloweka pachiwongolero.